MBALAME ZOLANKHULA ZA KU NEW ZEALAND

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi ndi anthu a m'midzi, yonena za mpikisano wa kulankhula pagulu

Nkhani ya mwezi uno ichokera kutali ndithu, ku dziko la New Zealand, limene lili pakati pa nyanja yaikulu yamchere, kum'mwera chakum'mawa kwa Australia. Eni nthaka a dzikolo ndiwo Amaori. Chaka ndi chaka ana awo a m'sukulu za sekondale amasonkhana kukapikisana pa chinthu chimodzi chokha, ndicho kuimirira pamaso pa khamu la anthu ndi kulankhula. Palibe mpira, palibe liwiro, palibe kulemba mayeso. Mwana aimirira nayamba kuyala mawu ake, ndipo akuluakulu atchera khutu. Mpikisanowo unayamba m'chaka cha 1965, kotero kuti mu 2025 unakwanitsa zaka 60. Dzina lake ndi Ngā Manu Kōrero, ndiko kunena kuti mbalame zolankhula, pakuti kwa Amaori munthu wodziwa kuyala mawu pabwalo amamufanizira ndi mbalame yoimba bwino.

Chimene chichititsa kuti nkhaniyi iyenere kumvedwa ndi ichi. Mpikisanowu unayambika ndi cholinga chakuti ana a Amaori adziwe bwino Chingerezi. Koma patangopita zaka 12, eni ake anaugwira nausandutsa nkhokwe yosungiramo chinenero cha makolo awo, chimene pa nthawiyo chinali kudwala mwakayakaya.

Kuti munthu amvetse m'mene zinayendera, ayenera kuyamba wadziwa bwalo la Amaori. Makolo awo anafika pa zilumbazo ndi mabwato aakulu zaka ngati 700 zapitazo, ndipo analibe zilembo kufikira atabwera amishoni m'chaka cha 1814. Mbiri ya mtundu, malire a malo, mayina a makolo, zonsezi zinali kusungidwa pamtima ndi kutuluka pakamwa. Chotero munthu wodziwa kulankhula anali chuma cha mudzi. Mbumba iliyonse ili ndi bwalo lake lotchedwa marae, ndipo kumapeto kwa bwalolo kuli nyumba yaikulu ya misonkhano, yokongoletsedwa ndi zosemasema. Nyumbayo aiyesa thupi la kholo lawo: mtanda wa pamsonga pa denga ndiwo msana, mapaso ndiwo nthiti, ndipo matabwa awiri otsetsereka kumaso kwa nyumba ndiwo manja otambasuka kulandira alendo.

Alendo akafika sangolowa ayi. Aima pachipata kufikira mayi wachikulire wa pamudzipo atawaitana ndi mawu aatali okweza, onga nyimbo, ndipo mayi wina wa pakati pa alendowo ayankha chimodzimodzi pamene gulu lonse lili kuyenda pang'onopang'ono kulowa m'bwalo. Mwamuna sangatsegule pakamwa amayiwo asanaitane. Atatero, olankhula akhala pa mipando ya kutsogolo, eni mudzi mbali ino, alendo mbali inayo. Mitundu yambiri eni mudzi alankhula onse choyamba, kenaka alendo. Koma mitundu ya Tainui ndi Te Arawa alankhula mosinthana, mwini mudzi, mlendo, mwini mudzi, mlendo, ndipo mawu otsiriza akhala a eni mudzi.

Kulankhula kotereku kuli ndi dzina lake, whaikōrero, ndipo kuli ndi njira yake imene munthu sailumpha. Wolankhula aimirira, kawirikawiri ali ndi ndodo yosema m'dzanja, nayamba ndi ndakatulo yakale ya mtundu wake kuti onse adziwe kuti waimirira ndi wa kwa yani. Alonjera nyumba, alonjera nthaka ya pabwalopo, ndipo atembenukira kwa akufa. Atchula amene amwalira posachedwa, a kwawo ndi a kwa alendo omwe, nawatsazika kuti apite kumene kuli makolo. Akatha za akufa abwerera kwa amoyo, nawapatsa moni, ndipo ndi pamenepo pamene afika pa mutu wa nkhani imene yasonkhanitsa anthu. Saima malo amodzi ngati chitsa. Ayenda uku ndi uko, aloza ndi ndodo ija, akweza mawu, awatsitsa, aponya mwambi, aseketsa anthu pamene pali pofunika kuseka.

Tsono mwambo wokoma koposa ndi wa kumapeto. Wolankhula akatsiriza, abale ake aimirira pambuyo pake naimba naye nyimbo. Nyimboyo Amaori amaitcha kīnaki, ndipo tanthauzo la liwulo ndi ndiwo. Mawu ndiwo nsima, nyimbo ndiyo ndiwo, ndipo mlendo sapatsidwa nsima yosinkha. Komanso nyimbo ija isonyeza kuti zimene wanenazo si za iye yekha, abale ake azivomereza. Ndipo amayi ali ndi mphamvu yawo pamenepa, pakuti mkulu wina akatalikitsa nkhani kapena akayamba kubwebweta, iwo angathe kungoimirira ndi kuyamba nyimbo iye ali pakati pa mawu, ndipo palibenso chimene angachite koma kukhala pansi. Munthu amene anakhalapo pa bwalo la milandu m'midzi ya kuno, naona nyakwawa ili kuzungulira nkhani dzuwa lili kupendeka, adzavomereza kuti amayi a Chimaori anapeza mankhwala abwino.

Nanga chinenero cha anthu okonda kulankhula chotere chinadwala bwanji? Mafumu a Amaori atapangana pangano ndi Boma la Britain ku Waitangi pa 6 February 1840, Azungu anayamba kufika ochuluka, ndipo pasanathe zaka 20 anaposa eni nthaka m'chiwerengero. M'chaka cha 1867 Boma linakhazikitsa lamulo la sukulu za m'midzi ya Amaori, lonena kuti maphunziro azichitika m'Chingerezi ponse pamene pangatheke. Kunena zoona, makolo ena anafuna okha zimenezi. Iwo anaona kuti malo awo ali kutha ndi makalata ndi makhoti a chinenero chimene iwo sanali kuchimva, ndipo anati ana aphunzire Chingerezi kusukulu, Chimaori adzachipeza kunyumba. Koma aphunzitsi ambiri anapyola muyeso. Sir James Henare, amene anatsogolera gulu la asilikali a Chimaori kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anasimba atakalamba kuti ali mwana anatumidwa kuthengo kukadula yekha mkwapulo wa chomera china choyanga, ndipo anakwapulidwa nawo chifukwa cholankhula Chimaori pabwalo la sukulu. Alipo ena pakati pa omvera amene chilango chotere sachimva ngati chachilendo.

Mwana wokwapulidwa chotero akakula salankhula chinenerocho kwa ana ake, poopa kuti nawonso angakwapulidwe. Ndipo nkhondo itatha anthu anasamuka m'midzi kukafuna ntchito m'mizinda. M'chaka cha 1945 Amaori 26 mwa 100 alionse ndiwo anali kukhala m'matauni, koma pofika 1966 anali 62. Kumeneko kunalibe bwalo, kunalibe agogo, ndipo mabanja anapatsidwa nyumba zomwazikana pakati pa Azungu. Zotsatira zake zioneka m'chiwerengero cha ana a sukulu. Mu 1913 ana a Amaori 90 mwa 100 alionse anali kulankhula Chimaori. Mu 1953 anatsala 26. Mu 1975 sanali kukwana ndi 5 omwe.

Mpikisano uja unabadwa m'kati mwa nyengo imeneyi. M'chaka cha 1961 munatuluka lipoti la mkulu wina wa Boma, J. K. Hunn, losonyeza kuti ana a Amaori anali kutsalira m'maphunziro, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Māori Education Foundation lowathandiza. Lipoti lomwelo linawerengera Chimaori pamodzi ndi zotsalira za moyo wakale, ndipo maganizo amenewo ndiwo anali a anthu ambiri a m'maofesi masiku amenewo. Bwanamkubwa wa dzikolo kuyambira 1962 kufikira 1967 anali Sir Bernard Fergusson, msilikali wa ku Scotland wovala galasi la diso limodzi, amene anamenya nkhondo m'nkhalango za ku Burma, dziko lomwe lija kumene asilikali a K.A.R. anakamenyakonso. Bambo wake ndi agogo ake aamuna onse awiri anakhalaponso abwanamkubwa a New Zealand, ndipo iye mwini anali kudziwako Chimaori. Iyeyu ndiye anapereka chikho choyamba mu 1965, kuti ana a Amaori a m'makalasi a pamwamba azipikisana pa kulankhula Chingerezi. Bungwe lija pamodzi ndi bungwe la aphunzitsi a sekondale ndiwo anayendetsa ntchitoyo.

Chikhocho chinatchedwa Korimako. Ili ndi dzina la mbalame yaing'ono ya mtundu wobiriwira, yokonda madzi otsekemera a m'maluwa, imene iimba m'bandakucha. Mzungu wina, Joseph Banks, amene anafika kumeneko pa chombo cha James Cook, analemba mu 1770 kuti kuimba kwa mbalamezi kunali konga timabelu tating'ono. Amaori kuyambira kale anali kufanizira wolankhula wabwino ndi mbalame yomweyo, kotero kuti ngakhale mpikisano unali wa Chingerezi, dzina lake linali kale kuloza kubwalo.

Munthu asafulumire kunyoza chiyambi chimenechi. Mwana wa mlimi amene afika m'tauni nachita manyazi kutsegula pakamwa pamaso pa kalaliki kapena woweruza milandu ndi mwana woluza, ndipo kumphunzitsa kuimirira chilili ndi kuyankha m'chinenero cha ofesi ndi ntchito yabwino. Cholakwika chinali chimodzi chokha, chakuti khomo linatsegulidwa limodzi pamene nyumbayo inafuna makomo awiri.

Amene anatsegula khomo lachiwiri ndiwo achinyamata a m'tauni omwe aja, ana a anthu okwapulidwa, amene anakula osadziwa chinenero cha agogo awo, nayamba kumva kuwawa poima pamaliro a kwawo ngati alendo. Pa 14 September 1972 gulu lawo, lotsogozedwa ndi mayi wina wachitsikana dzina lake Hana Te Hemara, linapereka ku Nyumba ya Malamulo ku Wellington kalata yosainidwa ndi anthu oposa 30,000, yopempha kuti Chimaori chiziphunzitsidwa m'sukulu. Kafukufuku amene anachitika m'zaka zomwezo anapeza kuti odziwa bwino chinenerocho anatsala ngati 70,000 okha, ndipo ambiri mwa iwo anali okalamba. Chotero mu 1977 mpikisano unalandira chikho chachiwiri, cha ana aakulu olankhula Chimaori.

Chikho chimenechi chinatchedwa dzina la Pei Te Hurinui Jones, mkulu wa mtundu wa Ngāti Maniapoto, amene anabadwa mu 1898 namwalira mu 1976. Kusankha dzinali kunali kwanzeru, pakuti iyeyu anali katswiri wa zinenero zonse ziwiri. Anatsiriza ntchito imene anaiyamba Sir Āpirana Ngata yosonkhanitsa ndi kumasulira nyimbo zakale za mitundu yonse ya Amaori m'mabuku otchedwa Ngā Mōteatea, ndipo anatembenuziranso m'Chimaori masewero a Shakespeare, monga The Merchant of Venice ndi Julius Caesar. Aphunzitsi adzakumbukira kuti masewero awiri omwewa ndiwo amene Julius Nyerere anawatembenuzira m'Chiswahili. Anthu awiriwa anali kutali wina ndi mnzake, koma onse anafuna kusonyeza kuti chinenero cha kwawo chingathe kusenza katundu aliyense.

Zikho zina ziwiri zinatsatira msanga, zonse za ana aang'ono a m'makalasi awiri oyamba a sekondale. Cha Chingerezi chinabwera mu 1980, m'dzina la Sir Turi Carroll wa ku Wairoa, amene anali wapampando woyamba wa bungwe la New Zealand Māori Council. Cha Chimaori chinabwera mu 1983, m'dzina la mphunzitsi Rāwhiti Ihaka. Kuyambira pamenepo zikho zazikulu zakhala zinayi, ziwiri za chinenero chilichonse.

Zaka zimenezo zinali zotentha. Mu 1982 kunatsegulidwa sukulu zoyamba za mkaka zotchedwa kōhanga reo, ndiko kuti chisa cha chinenero, kumene agogo anakhala ndi makanda tsiku lonse osalankhula liwu la Chingerezi. Mu 1984 mayi wina wogwira ntchito yolumikiza lamya, Naida Glavish, anachotsedwa pa mpando wake chifukwa choyankha anthu ndi moni wa Chimaori wakuti kia ora, ndipo dziko lonse linachita phokoso kufikira Nduna Yaikulu, Robert Muldoon, inalowererapo, mayiyo nabwerera pa ntchito yake. Mu 1985 kunatsegulidwa ku Auckland sukulu yoyamba ya mtundu wa kura kaupapa, yophunzitsa zonse m'Chimaori ndi motsata mwambo wa Amaori, ndipo mu 1987 Nyumba ya Malamulo inavomereza Chimaori kukhala chinenero cha Boma. Makanda a m'zisa zija atakula nafika ku sekondale, anapeza bwalo lili chikonzekere kuwadikira.

Kayendetsedwe ka mpikisanowu n'kosavuta kukamvetsa. Sukulu iliyonse isankha ana ake, ndipo iwo apikisana m'chigawo chawo. Zigawozo zipitirira khumi. Opambana a chigawo chilichonse apita ku mpikisano wa dziko lonse, umene kawirikawiri uchitika mwezi wa September, ndipo suchitikira malo amodzi, koma uzungulira, chaka chino mtundu uwu ulandira alendo, chaka chamawa mtundu wina. Mwana sapita yekha. Amperekeza anzake a sukulu, aphunzitsi, makolo ndi agogo, ena ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Asanayambe kupikisana, eni dera awalandira onse ndi mwambo uja wa pabwalo, amayi aitana, akulu alankhula, akufa atchulidwa, nyimbo ziimbidwa, ndipo pomaliza alendo ndi eni mudzi agunditsana mphuno, ndiwo moni wawo.

Mwana akaimirira, ngakhale wolankhula Chingerezi, kawirikawiri ayamba ndi kudzitchula monga mwa mwambo. Sayamba ndi dzina lake. Atchula phiri la kwawo, mtsinje wa kwawo, bwato limene makolo ake anafika nalo, mtundu wake, bwalo lake, ndipo dzina lake libwera pambuyo pa zonse, monga m'mene Mchewa wachikulire safunsa dzina la mlendo asanadziwe mfunda wake ndi mudzi wa amayi ake. Mitu ya nkhani si ya masewera ayi. Ana amakamba za malo amene analandidwa, za chinenero, za umphawi, za tsankho, za achinyamata odzipha, za ndale za tsiku limenelo, ndipo saopa kudzudzula Boma kapena akulu awo omwe ali pomwepo. Oweruza amapima nzeru za m'nkhaniyo, ukhondo wa chinenero, mawu, ndi kaimidwe ka mwanayo.

Ndipo akatsiriza, ndiwo zija zibwera. Anzake ndi abale ake aimirira pomwe akhala naimba nyimbo ya kwawo, kapena avina haka, gule wamphamvu uja wopondaponda pansi ndi kumenya pachifuwa amene anthu ambiri amuona asanayambe masewera a rugby a dziko la New Zealand. Mwana wa zaka 14 amene miyendo inali kunjenjemera aona agogo ake ali chilili kumuimbira pamaso pa khamu lonse. Chikho chili ndi mwini mmodzi, koma ulemu umenewu aulandira aliyense amene walankhula, woyamba ndi wotsiriza yemwe.

Pali funso limene mphunzitsi aliyense amene anakonzapo mpikisano wotere alidziwa bwino. Kodi mawu okoma ajawa ndi a mwanayo, kapena anamlembera ndi mphunzitsi, iye nangowaloweza ngati chinkhwe? Eni mpikisanowu anatchera msampha wake. Ana aakulu alankhula kawiri. Koyamba ndi nkhani imene anaikonzekera kunyumba. Kachiwiri apatsidwa mutu pomwepo, ndi mphindi zowerengeka zokha za kuganiza, popanda mphunzitsi kapena kholo pafupi, ndipo atuluka kukalankhula. Pamenepa mpamene padziwika mwana amene chinenero chili m'mimba mwake ndi amene chili papepala. Gawo limeneli ndilo lifanana koposa ndi bwalo lenileni, pakuti pabwalo munthu ayankha zimene wanena mnzake, ndipo zimenezo sangazilowezeretu. Sukulu imene ifuna kuyambitsa mpikisano wake ingachite bwino kutengera gawo ili choyamba.

Lamulo lina ndi lochititsa chidwi. Zikho ziwiri za Chingerezi apikisanirana ana a mtundu wa Amaori okha, monga m'mene Bwanamkubwa uja anafunira poyamba. Koma zikho ziwiri za Chimaori n'zotsegukira mwana aliyense wa m'dzikomo, kaya ndi Mzungu, kaya ndi Mmwenye, kaya makolo ake anachokera ku zilumba za Samoa ndi Tonga. Eni chinenero anaona kuti moto wotsala pang'ono kuzima suuletsa munthu woti aponyepo nkhuni.

Nkhani ya atsikana ndi yovutirapo. Pa mabwalo ambiri a Amaori, mwa mwambo, whaikōrero ndi ntchito ya amuna, ndipo ntchito ya amayi ndiyo kuitana alendo ndi kutsogolera nyimbo, ngakhale kuti mitundu ina ya kugombe la kum'mawa, monga Ngāti Porou, inakhala ndi amayi omveka amene anali kulankhula pabwalo. Koma pa mpikisanowu mtsikana ndi mnyamata aima malo amodzi, napimidwa ndi muyeso umodzi, ndipo atsikana atenga zikho kawirikawiri. Mtsikana wotere akabwerera kwawo angathe kupeza kuti mpando wa kutsogolo uja sakhalapo, ngakhale amposa aliyense wokhalapo pa chinenero. Ena ati mwambo usasinthe, pakuti ntchito ya amayi ili ndi ulemu wake, ndipo popanda iyo bwalo silitseguka. Ena ati midzi imene okalamba odziwa kulankhula atha siyenera kusiya mpando wopanda munthu pamene mwana wamkazi waluso alipo. Mlanduwu sunagamulidwe, ndipo bwalo lililonse liutha palokha.

Kalembera wa chaka cha 2023 anapeza kuti anthu oposa 200,000 angathe kucheza m'Chimaori, m'dziko la anthu ngati 5 miliyoni, m'mene Amaori apitirira 800,000. Ndiye kuti Amaori ambiri sanachibwezebe pakamwa pawo, ndipo ochuluka mwa achinyamata amene achilankhula anachitola kusukulu, osati pamsana pa amayi awo. Apa pabuka nkhawa ina, yakuti chinenero cha m'buku chingameze kalankhulidwe ka dera ndi dera, ana onse nayamba kumveka ngati ophunzira a mphunzitsi mmodzi. N'chifukwa chake okalamba amene akhala pa mpikisano wa dziko lonse amatchera khutu osati pa nzeru zokha, komanso pa lilime. Mwana wa ku Taranaki kapena wa ku mtsinje wa Whanganui ameza liwu la h nadula mpweya pakhosi m'malo mwake. Wa mtundu wa Tūhoe anena n pamene ena anena ng. Ndipo wa ku chilumba cha kum'mwera, amene anthu a kumpoto amatcha mtundu wake Ngāi Tahu, aimirira nautchula monga anautchulira agogo ake, Kāi Tahu.